Azakhali, za mphumu ya agogo ija

Eee azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinagwira ya usiku, ndangodzuka kumene. Uthenga wanu ndaumvera. Mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani mphumu ya agogo imawagwira m'bandakucha pomwe masana amasesa pabwalo bwinobwino, komanso ngati inhaler yabuluu ija sikuwaonongera mtima, poti akapopera manja amanjenjemera. Mundipirire, nditalikitsako pang'ono.

M'mapapomu muli timachubu tambirimbiri todutsa mpweya, ndipo kalikonse kazunguliridwa ndi kamnofu ngati lamba. Timinofu timeneti simungatiuze zochita inu, timamvera mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo. Mtsempha wake waukulu amautcha vagus. Umachokera kunsi kwa ubongo, kutsika m'khosi, kukafika kumtima, m'mapapo mpaka m'mimba. Tsono mtsemphawo sukhudzana ndi mnofu ayi, pamakhala kampata, ndiye umalavulira timadzi tina pamenepo. Timadzi timeneto dzina lake ndi acetylcholine. Tikafika pa lamba uja, lambayo amamanga, chubu n'kuchepa, makhololo n'kuchuluka. Phokoso la likhweru mumalimva m'chifuwa mwa agogo lija ndi mpweya ukudzipanikiza kudutsa pothina.

Nkhaniyi ine inandisangalatsa kusukulu. Wasayansi wina, Otto Loewi, ku Graz m'dziko la Austria mu 1921, anatenga mitima ya achule awiri. Anadzidzimutsa mtsempha wa vagus wa mtima woyamba, mtimawo n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Kenako anatunga madzi omwe munali mtimawo n'kuthira pa wachiwiri, nawonso unafooka osaukhudza, poti m'madzimo munali acetylcholine uja. Achule, azakhali! Mpaka analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1936.

Tsono palinso wina womasula lamba uja, ndiye adrenaline. Ameneyu amachokera m'tizinthu tili pamwamba pa impso, n'kuyenda m'magazi. Ndi yemwe amakugundisani mtima galu akakuthamangitsani, ndipo amatsegula machubu kuti mpweya ulowe wambiri. Masana vagus ndi adrenaline amakokana, zinthu zimayenda. Koma munthu akagona, vagus amalimba dzanja, adrenaline n'kutsika, ndipo cha m'ma 4 koloko m'mawa machubu amakhala atathina kuposa nthawi ina iliyonse. Zimachitika kwa tonsefe, kungoti ife sitimva kanthu. Agogo machubu awo ndi otupa kale, ndiye kuthina pang'ono kokhako kwawakwanira. Onjezanipo kuzizira kwa mu Juni kuno ndi mbaula ija amailowetsa kuchipinda. Mbaulayo ndiye ichoke ndithu, ndakhala ndikunena.

Inhaler yabuluuyo muli salbutamol, amene amatsanzira adrenaline. N'chifukwa chake pakangopita mphindi ngati 5 chifuwa chimamasuka, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola 4 mpaka 6. Kunjenjemera kwa manja ndi kugunda kwa mtima kuja ndi mankhwala omwewo akufika m'minofu ina. Zimatha zokha. Musawalande, chonde, ndipo zoti munthu akayamba inhaler sasiyanso, zija amanena anthu kutchalitchi, musazimvere. Akathina kwambiri kuchipatala timawonjezera ena a nthunzi otchedwa ipratropium, amene amatchinga acetylcholine kuti asafike pa lamba.

Mukufuna kuona mphamvu ya acetylcholine? Munthu amene wamwa tameki, kaya mankhwala ena opopera mbewu aja. Poizoniyo amalepheretsa thupi kuchotsa timadzi timeneti, ndiye timangounjikana. Munthu amatuluka thovu, malovu chuchuchu, mapapo kudzaza madzi. Timamubaya atropine, wachibale wake wa ipratropium yemweyo, mpaka chifuwa chiume. N'chifukwa chake mabotolo ali m'nkhokwe aja ndimakangana nawo amalume.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si manja onjenjemerawo ayi. Mwati agogo anayamba mapilitsi atsopano a BP mwezi watha. Alipo ena, monga propranolol, amene ntchito yake ndi kutsekereza adrenaline. Kwa wa mphumu amenewo ndi oopsa, chifukwa amatseka khomo lomwelo lomwe inhaler imagogoda. Mundijambulire pepala lake lero lomwe munditumizire. Musawasiyitse nokha, tione kaye dzina.

Chinanso, ngati akupopera yabuluuyo kupitirira kawiri pa sabata, kapena mphumu ikuwadzutsa usiku chonchi, akufunika inanso ya tsiku ndi tsiku yochepetsa kutupa, ngati beclomethasone. Yabuluu imangomasula lamba, kutupako siichotsa. Ndipo usiku wina mukaona akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, kaya apopera koma osasintha, musadikire kuche, pezani galimoto.

Batire langa latsala pang'ono. Chithunzi cha mapilitsicho ndikudikira, muwapatse moni agogo.