Kodi Amene Anaukira Mfumu ya Angerezi mu 1776 Anali Ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale. Iwo akuti ana a m'kalasi mwawo akamva zoti dziko la America linalengeza ufulu wake mu 1776, amangoganiza kuti zinali chimodzimodzi ndi zimene zinachitika kwathu kuno mu 1964, ndipo akufunsa kuti zinatheka bwanji kuti anthu amene anawoloka nyanja pofuna kukapemphera mwamtendere adzafike potengera mfumu yawo mfuti. Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndipo ndiyambe ndi kuwongola maganizo a anawo, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Amene anaukira mfumu George III sanali eni nthaka, koma atsamunda enieniwo, zidzukulu za azungu amene anabwera pa zombo n'kukhazikika m'dziko la eni. Ngati tikufuna chofanizira cha kuno kwathu, ndiye kuti ndi zimene anachita Ian Smith ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, pamene boma lake la azungu linalengeza ufulu popanda chilolezo cha Britain, ndipo nzosadabwitsa kuti chikalata chake anachilemba motengera cha ku America chija.

Tiyeni tibwerere ku chiyambi. Mu 1620 chombo chotchedwa Mayflower chinakocheza ku gombe la Massachusetts ndi anthu 102, ndipo ena mwa iwo anali opatuka ku Mpingo wa England amene anakhalapo zaka zingapo ku Leiden m'dziko la Holland. Asanatsike n'komwe, amuna 41 anasaina pangano lakuti adzadzipangira malamulo ndi kuwamvera. Anafika nthawi ya chisanu, moti pafupifupi theka la iwo linamwalira chisanu choyambacho chisanathe. Otsalawo anapulumukira kwa anthu a mtundu wa Wampanoag, makamaka Tisquantum, amene anawaphunzitsa kubzala chimanga pa timilu ta dothi, akukwirira nsomba pansi kuti ikhale manyowa. Malo amene anamangapo mudzi wa Plymouth anawapeza olambulidwa kale, chifukwa mliri wobwera ndi zombo za azungu unali utapulula anthu a pamenepo zaka zochepa m'mbuyomo.

Gulu lalikulu la Apuritani, Akhristu amene ankafuna kuyeretsa Mpingo wa England, linabwera mu 1630 motsogoleredwa ndi John Winthrop, ndipo m'zaka khumi zotsatira anthu pafupifupi 20,000 anawoloka nyanja kukakhala ku Boston ndi midzi yozungulira. Apa m'pofunika kuwauza ana mosapita m'mbali kuti anthuwa sankafuna ufulu wa chipembedzo wa aliyense, koma wawo wokha. Kuyambira mu 1631 mwamuna sankaloledwa kuvotera atsogoleri a dzikolo ngati sanali membala wa mpingo. Roger Williams, mbusa amene ankanena kuti boma lisalowerere za chikhulupiriro ndiponso kuti mfumu inalibe mphamvu yogawa malo a eni nthaka, anamupirikitsa, ndipo anakayambitsa mudzi wa Providence mu 1636. Anne Hutchinson anamuthamangitsa mu 1638 chifukwa chophunzitsa Baibulo m'nyumba mwake ndi kudzudzula abusa, pamene Mary Dyer, wa mpingo wa Quaker, anamunyonga ku Boston mu 1660.

Komabe m'kati mwa kuumitsa zinthu komweku munamera chizolowezi chimene chinadzabala nkhondo patapita zaka zoposa zana. Pakati pa mudzi uliwonse pankaima nyumba ya matabwa yosonkhaniramo, yopanda mtanda, yopanda zithunzi, ndipo kwa nthawi yaitali yopanda moto wowotha, kotero kuti amayi ankanyamula timbaula ta makala n'kuikapo mapazi pomvera ulaliki wa m'mawa ndi wa masana. Malo okhala ankagawidwa potengera msinkhu, chuma ndi ulemu wa munthu. Mpingo uliwonse unkadzisankhira mbusa wake popanda bishopu wowatumizira. Ndiyeno m'nyumba yomweyo, tsiku lina la m'kati mwa sabata, amuna omwewo ankakumana kuti agwirizane za msonkho wa m'mudzi, za kukonza msewu ndi mlatho, za malipiro a mphunzitsi, ndi kusankha akuluakulu oyendetsa mudzi, mpaka ndi munthu woyendera mipanda ndi wina wogwira nkhumba zosokera zimene zinkawononga mbewu. Ine ndimaona kuti mlimi amene wazolowera kuimirira pagulu n'kutsutsa za ndalama zake sangavomere msanga kuti wina wokhala kutsidya kwa nyanja azimuikira msonkho asanamufunse. Anthuwa analinso odziwa kuwerenga, chifukwa lamulo la mu 1647 linkakakamiza mudzi uliwonse wa mabanja 50 kulemba ntchito mphunzitsi, ndipo koleji ya Harvard inali itakhazikitsidwa kale mu 1636.

Kum'mwera moyo unali wina. Ku Virginia, kumene Angerezi anafika mu 1607, chimene chinkalamula chinali fodya, ndipo chaka cha 1619 chinabweretsa zinthu ziwiri pamodzi: nyumba ya malamulo yoyamba ya anthu osankhidwa, ndi chombo chonyamula anthu a ku Africa oposa 20 amene anagulitsidwa. Tisaganize kuti Apuritani anali oyera m'manja pa nkhaniyi, pakuti malamulo a Massachusetts a mu 1641 analola ukapolo, ndipo pambuyo pake amalonda a kumpotoko ankalemera ndi kachasu wopangidwa kuchokera ku manyuchi a nzimbe zolimidwa ndi akapolo a ku zilumba za Caribbean.

Eni nthaka nawo anaona zakuda. Metacom, mwana wa Massasoit, mfumu ya a Wampanoag imene inachita pangano la mtendere ndi alendo a ku Plymouth, anatsogolera nkhondo ya mu 1675 ndi 1676 ataona kuti malo akutha ndipo ng'ombe za azungu zikudya minda ya anthu ake. Ataphedwa, mutu wake anaupachika pamtengo ku Plymouth, ndipo mkazi wake ndi mwana wake anagwidwa, mwanayo n'kugulitsidwa ukapolo. Za milandu ya ufiti ya ku Salem mu 1692, imene inanyongetsa anthu 19, ambiri amazidziwa kale, choncho ndingonena kuti inachitika pamene mphamvu za Apuritani zinali zitayamba kugwedezeka, chifukwa chikalata chatsopano cha mfumu cha mu 1691 chinali chitachotsa lamulo lomangirira voti ku umembala wa mpingo n'kuikapo la kukhala ndi katundu.

Kwa zaka zambiri boma la ku London linkawalekerera madera amenewa bola malonda akuyenda. Zinthu zinasintha nkhondo yolimbana ndi France itatha mu 1763, pamene Britain anapambana koma atamira m'ngongole. Boma linaletsa atsamunda kukatenga malo kuseri kwa mapiri a Appalachian, kenako mu 1765 linaika msonkho wa chidindo pa nyuzipepala, zikalata za kukhoti ngakhale makadi a juga. Msonkhowo sunali waukulu, koma dandaulo linali lakuti unaikidwa ndi nyumba ya malamulo imene munalibe phungu wawo ndi mmodzi yemwe. Unachotsedwa mu 1766, koma ina inatsatira pa galasi, utoto, mapepala ndi tiyi. Pa 5 Malichi 1770 asilikali anawombera gulu la anthu ku Boston n'kupha asanu, ndipo mmodzi mwa iwo anali Crispus Attucks, wamagazi a ku Africa ndi a eni nthaka. Usiku wa pa 16 Disembala 1773 anthu zikwi zingapo anasonkhana mu nyumba yopemphereramo ya Old South, ndipo kuchokera kumeneko gulu lina linakakwera zombo zitatu n'kutaya m'nyanja mabokosi a tiyi 342.

Chilango chimene chinatsatira mu 1774 ndicho chikuyankha funso lanu mwachindunji. Kuwonjezera pa kutseka doko la Boston, boma linalamula kuti midzi ya ku Massachusetts isachitenso misonkhano yake koposa kamodzi pa chaka popanda chilolezo cha bwanamkubwa. Apa linakhudza chinthu chimene alimi wamba analandira kwa makolo awo, ndipo midzi yambiri inangopitiriza kukumana, ikusunga onga ndi kuphunzitsa anyamata kuguba. Pa 19 Epulo 1775 asilikali a mfumu opita kukalanda zidazo anakumana ndi alimiwa ku Lexington ndi ku Concord, ndipo mfuti zinalira.

Mukamawafotokozera anawo, aphunzitsi, muwauzenso kuti pa nthawiyo m'madera 13 amene anaukira Britain munali anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali kapolo. Bwanamkubwa wa ku Virginia, Lord Dunmore, atalonjeza mu Novembala 1775 kuti adzamasula akapolo a anthu oukirawo ngati atalowa usilikali wa mfumu, mazanamazana anathawira kwa iye, ndipo mitundu yambiri ya eni nthaka, monga Mohawk ndi Cherokee, nayonso inasankha kumenya nkhondo ku mbali ya Britain.