Mfuti Ikuvina pa Chotchinga: Yankho kwa Achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achimwene ena okhala ku Johannesburg. Analowa kalabu ya masewera owombera chandamale, laisensi ali nayo, ndipo akagona chafufumimba zipolopolo zawo zimagwera malo amodzi. Koma akafika pa chotchinga cha matabwa chija amati barricade, chotsamiritsapo mfuti powombera, kamtanda ka mu scope (galasi lolozera la pamwamba pa mfuti) kamangovina. Akufunsa kuti, "Ndiigwire mwamphamvu bwanji kuti isiye kugwedezeka?"

Achimwene, kugwira mwamphamvuko ndiye kukukupwetekani. Mnofu ukauma umanjenjemera, ndipo ngakhale kugunda kwa mtima wanu kumadutsa paphewa n'kukafika mu scope. Taonani mayi wosenza ndowa yodzaza madzi. Saumitsa khosi ayi. Amaika nkhata, ndowa n'kukhazikika yokha. Nkhata ya mfuti ndi thumba la mchenga.

Likhazikeni thumbalo pathabwa, mulimenye kawiri ndi chikhatho kuti liphwatalale. Kenako pezani pakati pa kulemera kwa mfuti yanu. Kawirikawiri pamakhala patsogolo pang'ono pa magazini, mokhala zipolopolo muja. Mukaikhazika pamenepo, chotsani manja onse awiri pang'onopang'ono. Ikakhala yokha osagwera kutsogolo kapena kumbuyo, mwapeza malo ake. Ikapendama, isunthireni mpaka ikhale. Zimenezi muzipeze muli kunyumba, chifukwa pa mpikisano nthawi siidikira munthu. Mu mipikisano ya Precision Rifle Series ya ku America, yomwe inayamba mu 2012, gawo lodziwika la chotchinga linkakupatsani masekondi 90 okha: malo 4, zipolopolo 2 pa malo alionse, chandamale chachitsulo cha mainchesi 10 chili pa mtunda wa mayadi 400.

Mpope weniweniwo, modutsa chipolopolo muja, usakhudze thabwa. Ine pa mpikisano wanga woyamba ndinautsamiritsa pathabwa chifukwa cha phuma, ndipo ndinkangoona fumbi likudzuka pamwamba pa chandamale. Zinandiwawa, poti ndinkadziwa kuti diso langa linali pamalo. Mpope umagwedera chipolopolo chikamatuluka, ndiye ukagunda chinthu cholimba chipolopolo chimapatuka.

Tsopano thupi. Chifuwa chiyang'ane kumene kuli chandamale, musaime chammbali. Pa malo apamwamba tangadzani miyendo, muweramire kutsogolo kuchokera m'chiuno. Pa malo ogwada, ambiri amadzutsa bondo lamanzere chifukwa ndi mmene anazolowerera. Ngati mumawombera ndi dzanja lamanja, dzutsani bondo lamanja, chigongono chamanja chitsamire pamenepo. Kutsogolo kwa mfuti kwagwiridwa kale ndi thumba. Kosowa chotsamira ndi kumbuyo. Dzanja lamanzere likhale pamwamba pa scope kapena ligwire mfuti ndi thumba pamodzi, mopanikiza pang'ono chabe. Phewa lingokhudza mfuti, lisaikankhe.

Mukakhala chonchi, tsinzinani, mupume kawiri, mutsegule maso. Ngati kamtanda kachoka pa chandamale, sunthani mapazi kapena mawondo, osati kukoka mfuti ndi manja. Ndiponso tsitsani mphamvu yokulitsa zinthu ya scope ifike pa 10 kapena 12. Pa 25 kugwedezeka kochepa kumaoneka ngati chivomezi, ndipo mumachedwa kupeza chandamale mukasintha malo.

Kamtandako sikadzaima chilili, musadikire zimenezo. Chofunika n'choti kazivina mkati mwa chitsulo. Mpweya ukatha kutuluka, kokani trigger, kachitsulo kowombera kaja, molunjika kumbuyo mosadzidzimutsa, tsaya likhalebe pa mfuti mpaka muone pomwe chipolopolo chagwera. Olakalaka kutsomphola trigger kamtanda kakangodutsa pakati ndi amene amaphonya kwambiri.

Posintha malo, bolt, chitsulo cholowetsa chipolopolo mu mpope chija, ikhale yotsegula, chala chichoke pa trigger, mpope uloze kutsogolo nthawi zonse. Apa sindinyengerera munthu.

Kunyumba makwerero opindika aja akukwanirani. Onetsetsani kawiri kuti mfuti ilibe kanthu, zipolopolo muzitsekere m'chipinda china, mumate kadontho kakang'ono pakhoma. Mphindi 10 tsiku lililonse, sitepe ndi sitepe, kuyambira pansi kukafika pamwamba. Mukatha masabata awiri mundilemberenso, mundiuze sitepe imene ikukuvutanibe.