Mayina a obwereka mabuku musawaponye mu ChatGPT

Aphunzitsi, mwafunsa ngati mungajambule kaundula wa obwereka mabuku n'kumutumiza mu ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso ndi nzeru za kompyuta (AI), kuti ikusanjireni amene sanabweze, komanso ngati ana angamalowere akaunti imodzi pa makompyuta mwalandira aja. Zonse ziwirizi ine ndikuti ayi.

Mu kaundulamo muli dzina, kalasi, mudzi, mwinanso nambala ya foni, ndipo pambali pake pali buku limene munthu anatenga. Kuchigwa kuno timadziwana. Ukatchula dzina la mwana pa Ngabu, wina wa ku Bangula akuuza agogo ake. Mtsikana wa Fomu 3 amene wabwereka kabuku ka kulera, bambo wodula nzimbe ku Nchalo amene watenga buku la malamulo a ntchito, kaya wina amene akuwerenga za ma ARV, onsewa safuna kuti zimveke pamsika. Zikangomveka kamodzi sapondanso pa laibulale, anzawonso amatsatira.

Zimene mwalemba mu ChatGPT sizitsala m'kompyuta yanu. Zimapita kwa eni ake, kampani ya OpenAI ku America, ndipo pa akaunti wamba atha kuphunzitsira nazo AI yawo pokhapokha mutazimitsa zimenezi pa Data controls, malo a mu akaunti osankhira zochita ndi zimene mwalemba. Iwonso zimawasokonekera: mu Malichi 2023 anthu ena ankaona mitu ya macheza a anzawo osawadziwa. Meta AI ya pa WhatsApp nayo musaidalire. Uthenga wa inu ndi mnzanu ngotsekedwa, koma zimene mwatumizira Meta AI zimafika ku kampani ya Meta, eni ake a WhatsApp.

Lamulo liliponso. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 kunabwera Data Protection Act, imene amayang'anira ndi a MACRA. Za umoyo wa munthu ndi za ana lamuloli limazisamala kwambiri, ndiye sukulu isadzione ngati yaing'ono moti silingaikhudze.

Ndikumvetsa chifukwa chake mukufuna zonse zikhale m'kompyuta. Amene anaona madzi a Freddy mu 2023 sangakhulupirire pepala lokha. Ndiye chitani chonchi: membala aliyense mpatseni nambala, mayina akhale m'kabuku kena kotsekera m'kabati yapamwamba. Masiku obweza asanjeni mu Excel, safuna ngakhale bandulo. Ngati simudziwa kasanjidwe kake, ifunseni AI ikuphunzitseni ndi mayina opeka. Buku likabwezedwa, fufutani mzere wosonyeza amene anatenga. Chofunika kwa inu n'chiwerengero basi.

Za akaunti imodzi zija ndiye zoopsa kuposa kaundula. Ana amafunsa AI zimene sangafunse mayi awo: za msambo, za chibwenzi, za nkhanza za kunyumba. Wobwera pambuyo amangosuzumira kumanzere kwa sikirini, kumene kumakhala macheza akale, n'kuwerenga zonse, ndipo pofika nthawi ya phala kalasi yonse yadziwa. Ngati palibe kuchitira mwina, yatsani Temporary chat (macheza osasungidwa pa mndandanda), fufutani history (mndandanda wa macheza akale) mwana aliyense akachoka, kompyuta itembenuzeni isayang'ane pakhomo. Auzeninso asalembe dzina lawo, la sukulu kapena kutumiza chithunzi cha chiphaso. Kumbukirani kuti malamulo a OpenAI salola mwana wosakwana zaka 13, ndipo wosakwana 18 amafunika chilolezo cha makolo, choncho nkhaniyi ikafike kumsonkhano wa PTA.

Ahedi kapena kholo akadzati muwaonetse zimene mwana wakutiwakuti amawerenga, akanizeni mwaulemu. Ngati pali chodetsa nkhawa pa moyo wa mwanayo, chipite kwa aphunzitsi olangiza ana kapena a mother group, osati kutsegula kaundula pa tebulo la mu staff room.