Kodi uthenga wabwino m'kompyuta ndi uti?

Funso: Akonzi, ndili ku yunivesite ndipo alekichala atiuza tifufuze za ubwino wa uthenga wa m'makompyuta ndi pa intaneti, koma ine zandizunguza mutu, si kungoona ngati nkhaniyo ndi yoona kapena yabodza basi?

Yankho: Ayi achimwene, kuona kokha sikukwana. Mu 1996 Richard Wang wa ku yunivesite ya MIT ku America ndi Diane Strong anafunsa anthu amene amagwiritsa ntchito data (uthenga wosungidwa m'makompyuta) tsiku ndi tsiku, ndiye anapeza kuti nkhaniyi ili ndi mbali zinayi, kulondola kwa uthengawo, kugwirizana ndi ntchito imene mukufuna, kumveka kwake komanso kupezeka kwake. Tangoganizani rekodi ya wodwala yolembedwa molondola bwinobwino koma yafika kwa dokotala mochedwa, kapena ili mu sisitimu yoti sangaitsegule, imeneyo yathandiza ndani?

Ine nkhani yoti uthenga ufike pa nthawi yake ndi imene imandikhudza kwambiri chifukwa anthu amaiiwala.

Onaninso kafukufuku wa magazini ya Nature wa 2005, akatswiri anayerekeza kulondola kwa nkhani 42 za sayansi za pa Wikipedia ndi za mu Britannica, insaikulopediya yotchuka yolembedwa ndi akatswiri, Wikipedia inali ndi zolakwika pafupifupi 4 pa nkhani iliyonse pomwe Britannica 3. Britannica inatsutsa njira imene anatsata, ndiye werengani mbali zonse ziwiri musanalembe.