Mwana akufuna kuphunzira za cheza cha dzuwa ndi zomera zakutchire

Mayi wina wa ku Linthipe walemba kuti mwana wake wa Fomu 3 sakamba china koma za cheza cha dzuwa chotchedwa UV ndi zomwe chimachita ku zomera zakutchire. Akufunsa ngati kumeneko kuli ntchito kapena amukakamize za unamwino.

Mayi, musamukakamize. Zomwe akukambazo ndi sayansi yeniyeni. Mpweya wa ozoni kumwambaku ndiwo umatchinga gawo lalikulu la UV-B, mtundu woopsa wa cheza cha UV. Mu 1985 akatswiri a ku Britain anapeza kuti wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica, dera la madzi oundana kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, chifukwa cha mankhwala a CFC a m'mafiriji, ndipo mu 1987 mayiko anagwirizana ku Montreal kuti awasiye. Kuno kwathu sunapyapyale chomwecho, koma chezachi chimakula mphamvu munthu akamakwera kumapiri, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse. Phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000, choncho mwana wanu ali ndi poyambira pakhomo pomwe.

Chomera sichingathawire pamthunzi. UV-B ikachuluka imawononga DNA (yomwe imasunga malangizo a kakulidwe ka chomera) m'masamba, ndipo zomera zambiri zimapinimbira, masamba n'kukhala aang'ono ndi okhuthala. Zina zimadziteteza popanga mankhwala a flavonoid, otchinga chezacho, pakhungu la tsamba. Poti mitundu imapirira mosiyana, ina imayamba kuphangira malo anzake, ndipo ngakhale tizilombo todya masambawo timakhudzidwanso. Chovuta, chomwenso chimandikoka mtima, n'kusiyanitsa zochita za UV ndi za chilala, mphepo kapena moto wolusa. Mwanayo atenge kope, ayeze masamba a msuku wa padzuwa ndi wa pamthunzi, alembe tsiku ndi malo, akawonetse aphunzitsi ake a Biology.

Za ntchito ndisakunamizeni: kafukufuku wa UV payekha salemba anthu ambiri. Khomo lake ndi maphunziro a zomera, nkhalango kapena zachilengedwe. Alimbikire Biology, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi, poti yunivesite imafuna makirediti 6 pa MSCE. Ayang'ane za nkhalango ku LUANAR kapena ku Mzuzu University, za Biology ku University of Malawi ku Zomba, komwe kulinso National Herbarium yosunga zitsanzo za zomera za dziko lino. Mapointi akapanda kukwana, Malawi College of Forestry and Wildlife ili ku Chongoni konkuno. Tchuthi chikubwerachi mupite naye kumeneko, akadzifunsire yekha zoyenereza ndi fizi.