Minibasi yopanda inshuwalansi ikakugundani, musadikire mlandu wa apolisi

Bambo, mwalemba kuti minibasi inakugundani chaka chatha n'kukuthyolani mwendo, apolisi anapeza kuti inshuwalansi yake inali itatha, ndipo khoti linalipitsa dalaivalayo chindapusa koma inu simunalandire kalikonse. Mukufunsa ngati nkhani yathera pomwepo.

Pano pali milandu iwiri yosiyana. Umene apolisi anatengera dalaivala kukhoti ndi wa boma, ndipo chindapusacho chinalowa m'thumba la boma. Wofuna chipukuta misozi ndi wanu, ndipo palibe wapolisi amene adzasume mlanduwu m'malo mwanu, ngakhale ena mwa iwo amauza ovulala kuti adikire kaye ngati kuti ndalama zidzachokera kupolisi. Lamulo la Road Traffic Act limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, komanso limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo. Popeza pano kampani palibe, otsala ndi dalaivala ndi mwini minibasi, amene angathe kuyankha mlandu ngati dalaivalayo anali pantchito yake pa nthawi ya ngoziyo.

Chimene ndaona chikupha milandu yooneka bwino ndi kuchedwa. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zokha zoti munthu wamkulu asume mlandu wa kuvulazidwa, kuwerengera kuyambira tsiku la ngozi. Mwini galimoto amafika kuchipatala atanyamula paketi ya shuga ndi kandalama ka mankhwala, n'kulonjeza kuti zotsalazo adzapereka zinthu zikayenda bwino. Kenaka amalume amalowererapo n'kunena kuti za kukhoti zimadanitsa anthu, bola kukambirana pachibale. Amalumewo sathyoka mwendo, ndipo sadzalipira sukulu fizi ya ana anu. Kukambirana sikuimitsa zaka zija, malonjezo a pafoni saimitsa, ngakhalenso kalata ya loya wanu yofuna chipukuta misozi siimitsa. Chimene khoti limayang'ana ndi tsiku limene mlandu unalembetsedwa. Zaka 3 zikangokwana, loya wa mbali inayo amangotchula lamulolo, ndipo woweruza safika n'komwe pa funso loti analakwa ndani. Kambiranani ngati mukufuna, koma mlandu uli kale kukhoti, ndipo musasayine pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso loya asanaliwerenge.

Sindingakulonjezeni kuti mudzalandira ndalama. Khoti likhoza kuchepetsa chipukuta misozi likapeza kuti inunso munalakwitsa poyenda pamsewupo, ndipo kupambana mlandu sikutanthauza kuti ndalama zafika m'manja. Wolakwayo akakana kulipira, masherifu amalanda katundu wake n'kugulitsa, koma kwa munthu wopanda kanthu salanda kanthu. N'chifukwa chake mwini minibasi asasiyidwe kunja kwa mlanduwo.

Pakadali pano, katengeni lipoti la apolisi ndipo muonetsetse kuti nambala ya galimoto ndi tsiku la ngozi zalembedwa molondola. Pemphani lipoti la dokotala losonyeza kukula kwa kuvulala kwanu komanso ngati chilema chidzakhalitsa. Sungani malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, pamodzi ndi umboni wa ndalama zimene munkapeza musanavulale. Dzina lenileni la mwini minibasiyo likupezeka m'kaundula wa a Road Traffic, choncho musadalire zonena za kondakitala. Ngati loya simungamukwanitse, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, mwezi uno, mutanyamula mapepala onsewa.