Amayi, khofi wochepetsa njala uja musiyeni kaye

Mayi wina wa ku Chawama wanditumizira imelo. Akuti chiberekereni mwana wachitatu thupi likungokula, ndiye mnzawo anawagulitsa khofi wa m'timapaketi wochepetsa njala. Patha sabata ziwiri, njala yathadi, koma mkamwa mukuuma, tulo sakupeza, mtima ukugunda ngati athamanga. Amamwanso mankhwala a BP. Funso lawo: "Kodi ndipitirize, poti papaketi alemba kuti ndi zitsamba zokhazokha?"

Amayi, chonde musapitirize. Zizindikiro zitatu mwatchulazo zandiopsa, chifukwa ndi zomwenso amabweretsa mankhwala otchedwa sibutramine. Kale madokotala ankawapereka kwa anthu onenepa kwambiri, koma mu 2010 anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America, kafukufuku ataonetsa kuti amachulukitsa sitiroko ndi matenda a mtima mwa anthu amene mtima wawo unali kale pachiopsezo. Amagwira ntchito muubongo kuti muzimva ngati mwakhuta, koma nthawi yomweyo amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima. Chondipweteka n'chakuti bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, lakhala likuwapeza atabisidwa mu khofi, tiyi ndi makapisozi olembedwa kuti ndi achilengedwe. Papaketi sawatchula. Mnzanu wakugulitsaniyo mwina sakudziwa n'komwe, musamukwiyire.

Ngakhale chitakhaladi chitsamba, si ndiye kuti n'chabwino. Ephedra ndi chomera, koma America analetsa kuchiika m'zinthu zotere mu 2004 anthu atafa nacho. Garcinia cambogia, chipatso chimene chimatchuka pa Facebook, chavulazapo anthu ena chiwindi. Matiyi ambiri ochepetsa mimba ali ndi senna, wotsegula m'mimba. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pompo.

Mawa lomwe pitani kuchipatala chomwe mumatengera mankhwala a BP, mutanyamula paketiyo, akakuyezeni BP ndi kugunda kwa mtima. Ngati mukuyamwitsabe, mukanene. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala usiku womwewo. Kuno ku Zambia mankhwala amayang'aniridwa ndi ZAMRA, ndipo wa ku famasi yovomerezeka angakuuzeni ngati chinthu chinalembetsedwa.

Za thupi lanulo ndikukumvetsani. Inenso ndinaimapo pagalasi nditavala chitenje chimene kale chinkazungulira bwinobwino, misozi ili lengelenge. Chinandithandiza chinali chapang'onopang'ono: mtanda umodzi wa nsima m'malo mwa itatu, mbale nditadzaza chibwabwa ndi nyemba, popeza nyemba zimakhalitsa m'mimba. Zakumwa zashuga ndi vitumbuwa vya pasiteshoni ndinasiya, ndipo ndinkatsika minibasi patali pang'ono n'kumaliza wapansi.

Mukabwerako kuchipatalako mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti BP aipeza bwanji.